Kompyuta yamphamvu ya magemu ndi stream: ndalama zipite pati?

Funso

Ndili ku Lilongwe ndipo ndasunga ndalama zoti ndimange kompyuta yamphamvu yosewerera magemu uku ndikuulutsa pa YouTube ndi pa Twitch. Ndalemba izi: Ryzen 9 9950X3D, RTX 5090, RAM zinayi za 16GB, SSD ya PCIe 5.0, ndipo power supply ndigwiritsa ntchito ya 850W yomwe ndili nayo kale. Sikirini yanga ndi ya 1440p, 165Hz. Katundu adzandigulira m'bale wanga ku Johannesburg. Kodi ndasankha bwino? Nanga pakufunika kompyuta yachiwiri ya stream yokha?

Yankho

Achimwene, chilichonse chomwe mwalemba apa ndi chida chabwino pachokha, koma mukaziika pamodzi sizikugwirizana ndi ntchito imene mwatchula. Ndalama zambiri mwathira pa purosesa (Ryzen 9) ndi GPU (RTX 5090, chida chojambula zithunzi za gemu) zomwe sikirini yanu singathe kuonetsa mphamvu zake zonse, kenako mwaumira pa power supply, chida chomwe chikafa chimatha kupita ndi zinzake. Za magetsi a kwathu kuno ndiye simunatchule n'komwe. Ife tikuti mutsikeko pa purosesa ndi pa GPU, ndalama yotsalayo ipite ku power supply yatsopano, UPS (chida cha batire chopereka magetsi akazima), maikolofoni ndi bokosi la kompyuta lolowa mpweya bwino. Kompyuta yachiwiri iwalani.

Kusankha kumayambira pa sikirini. Ya 1440p ili ndi ma pixel pafupifupi 3.7 miliyoni, pamene ya 4K ili ndi 8.3 miliyoni. RTX 5090 anaipangira 4K. Mukailumikiza ku sikirini ya 1440p ya 165Hz, m'magemu ambiri idzatulutsa ma frame (zithunzi pa sekondi) oposa amene sikiriniyo ingaonetse, ndipo nthawi zambiri idzakhala ikudikirira purosesa. RTX 5090 inatuluka mu Januwale 2025 pa mtengo wa $1,999, pamene RTX 5080 inali $999 ndipo RTX 5070 Ti inali $749, ngakhale m'masitolo mitengo imakwera kuposa apa. Onaninso magetsi: 5090 imakoka 575W, 5080 imakoka 360W, 5070 Ti imakoka 300W. Kusiyana kwa 215W pakati pa ziwiri zoyambazo si nkhani ya mayunitsi okha. Kumasanduka kutentha m'chipinda chanu, kumafuna power supply yokulirapo, ndipo kumakweza mtengo wa UPS. Pa sikirini muli nayoyi tengani 5080, kapena 5070 Ti ngati mtengo wa 5080 wapenga. Ndalama ya 5090 imamveka pokhapokha ngati mukugulanso sikirini ya 4K yothamanga, kapena muli ndi ntchito ya Blender kapena ya AI yomwe imafuna memory yake ya 32GB.

Chomwe musatsikepo ndi memory ya GPU. Munthu woulutsa asapite pansi pa 16GB, chifukwa gemu siili yokha: OBS (pulogalamu youlutsira), kamera, zokongoletsa za pa sikirini ndi browser zonse zimatenga gawo lake. Memory ikadzadza gemu imayamba kudodoma, zithunzi za makoma ndi nkhope zimachedwa kuwala, ngakhale GPU ili ndi mphamvu zotsala. AMD ili ndi Radeon RX 9070 XT ya 16GB, yokoka 304W, yomwe inatuluka mu Malichi 2025 pa $599. Ndi yabwino kwambiri pa mtengo wake ndipo kuulutsa imatha. Komabe kwa munthu amene stream ndi theka la ntchito yake timakondabe NVIDIA, chifukwa cha encoder yake (kagawo kopanikiza kanema) komanso mapulogalamu monga NVIDIA Broadcast ochotsa phokoso pa mawu.

Encoder imeneyi ndiyo ikuyankha mafunso anu awiri, la purosesa ya ma core 16 ndi la kompyuta yachiwiri. Kale anthu ankaulutsa ndi x264, pulogalamu yomwe imapanikiza kanema pogwiritsa ntchito purosesa. Gemu ndi stream zinkalimbirana ma core omwewo, n'chifukwa chake oulutsa otchuka ankaika makompyuta awiri. Lero m'kati mwa GPU muli kagawo kapadera kotchedwa NVENC, kamene ntchito yake ndi kupanikiza kanema basi. Kuyambira pa RTX 20 mu 2018 chithunzi chake chinafika poti woonera wamba sangachisiyanitse ndi cha x264, ndipo kuyambira pa RTX 40 mu 2022 kamathanso AV1, njira yatsopano yopanikizira kanema imene imapereka chithunzi chooneka bwino pa intaneti yochepa. RTX 5080 ndi 5070 Ti zili ndi ma encoder awiri, choncho kuulutsa uku mukujambula kanema wapamwamba wosunga si vuto. Capture card, chida cholowetsera kanema wa kunja mu kompyuta, mudzaifuna pokhapokha mukafuna kuulutsa za pa PlayStation kapena Xbox, kapena kulumikiza kamera yeniyeni ya HDMI.

Ndiye purosesa tengani Ryzen 7 9800X3D, imene inatuluka mu Novembala 2024. Ili ndi ma core 8 ndi cache ya L3 ya 96MB. Cache ndi memory ya m'kati mwa purosesa momwe, ndipo ikakhala yaikulu purosesa sithamangira ku RAM pafupipafupi, monga wophika amene mchere ndi mafuta zili pambali pa mbaula sathamangira ku gulosale. M'magemu phindu lake silioneka pa nambala yaikulu ya ma frame yokha, koma pa nthawi zovuta pamene pa sikirini pali anthu ambiri ndi zophulika, pomwe mapurosesa ena amagwa mwadzidzidzi. Ryzen 9 9950X3D yomwe mwalemba ili ndi ma core 16 ogawidwa m'magulu awiri a 8, ndipo cache yowonjezerayo ili pa gulu limodzi lokha. Zimadalira driver ya chipset ndi Xbox Game Bar ya Windows kuti gemu ipite ku gulu loyenera. Zikayenda bwino mumapeza liwiro lofanana ndi la 9800X3D. Zikasokonekera gemu imagwera ku gulu lopanda cache. Ma core enawo amapindulitsa munthu amene tsiku lililonse amakonza makanema ataliatali kapena ntchito zolemera za purosesa. Ngati 9800X3D yasowa, 7800X3D ya mu Epulo 2023 ikadali yamphamvu ndipo imalowa pa soketi yomweyo ya AM5, imene AMD inalonjeza kuti idzaigwiritsabe ntchito mpaka 2027 kapena kupitirira.

Wina akakutsatsani Intel Core i9-13900K kapena 14900K yogwiritsidwapo kale ntchito pa mtengo wokoma, ikaneni. Mapurosesa amenewa anali ndi vuto la voltage yokwera yomwe imawawononga pang'onopang'ono. Intel inatulutsa microcode ya 0x12B mu Seputembala 2024 yoletsa vutoli, koma purosesa yomwe inawonongeka kale sichira, ndipo simungadziwe poiyang'ana. Komanso 14900K imafika 253W, moto wosafunika m'chipinda chotentha kale.

RAM zinayi ndi msampha womwe ambiri amagweramo chifukwa mipata inayi yodzadza imaoneka bwino. Pa DDR5 purosesa imavutika kuyendetsa zinayi pa liwiro lalikulu. AMD yeniyeniyo imalemba kuti Ryzen 9000 imathandiza DDR5-5600 pa RAM ziwiri, koma DDR5-3600 yokha pa zinayi. Gulani ziwiri zobwera m'paketi imodzi, DDR5-6000 CL30 yokhala ndi EXPO (masetingi oyendetsa RAM pa liwiro lake lonse): 2 x 16GB ikukwanira gemu ndi stream, 2 x 32GB ngati mumakonzanso makanema. Musagule paketi imodzi lero n'cholinga chodzawonjezera ina chaka chamawa, chifukwa ngakhale dzina ndi nambala zifanane, m'kati zimatha kusiyana ndipo kompyuta imayamba kuzima yokha popanda chifukwa chooneka. Zilowetseni pa mpata wachiwiri ndi wachinayi kuchokera ku purosesa, A2 ndi B2, mpaka mumve kuti "tha" mbali zonse. Kenako lowani mu BIOS (masetingi a motherboard) mutsegule EXPO, apo ayi RAM idzayenda pa liwiro lotsika lomwe imabwera nalo. Poyatsa koyamba sikirini imatha kukhala yakuda kwa mphindi zingapo pamene bolodi ikuyesa RAM. Musazimitse, siinafe.

Pa motherboard musawononge ndalama. B850 yabwino kapena X870 wamba ikukwanira. Bolodi yodula siiwonjezera ma frame. Yang'anani kuti ili ndi mipata ya M.2 (yolowetsamo SSD) itatu, LAN ya 2.5Gb, ma USB okwanira kumbuyo poti kamera, maikolofoni, kiyibodi ndi mbewa zonse zikufuna malo, komanso batani la BIOS Flashback lokulolani kusintha BIOS ndi flash popanda purosesa. Batani limeneli limapulumutsa mukagula bolodi ya B650 kapena X670 yomwe yakhalitsa pa shelefu ndipo siikuidziwa 9800X3D. Chinthu chimodzi muwerenge m'buku la bolodi musanagule: purosesa ya AM5 ili ndi misewu ya PCIe 24 yogwiritsa ntchito, 16 ya GPU ndi 8 ya zina. Pa mabolodi ena, makamaka a X870E okhala ndi mipata yambiri, mukaika SSD pa mpata wina wa M.2 imalanda misewu ya GPU n'kuisiya ndi 8. Bukulo limalemba mpata wake, ndipo mumangoupewa.

SSD ya PCIe 5.0 ilekeni. Imathamanga kawiri kuposa ya 4.0 pa mayeso, koma gemu imatseguka pafupifupi nthawi yofanana, ndipo imatentha kwambiri. Ndalama yomweyo igule ziwiri za PCIe 4.0 za 2TB, monga Samsung 990 Pro kapena WD Black SN850X: imodzi ya Windows ndi magemu, ina ya makanema ojambula. Kujambula pa 50 Mbps kumadya 22.5GB pa ola, choncho malo amatha msanga kuposa mmene mukuganizira. Pewani ma SSD a mtundu wa QLC pa ntchito yojambula ndi kukopera mafayilo aakulu, chifukwa zikalemba kwa nthawi yaitali liwiro limagwa kwambiri. Ndipo pansi pa kachitsulo kophimba M.2 pamakhala kalabala kofewa kotenga kutentha, kokutidwa ndi kapulasitiki kabuluu kapena koyera. Kapulasitikiko kachotseni.

Tsopano power supply, pamene pali ngozi yeniyeni pa mndandanda wanu. NVIDIA imalangiza 1000W pa RTX 5090, 850W pa 5080 ndi 750W pa 5070 Ti. Yanu ya 850W pa 5090 ndi yochepa, ndipo ngakhale pa 5080 funso ndi lakuti ndi ya mtundu wanji, ya chaka chiti. Ma GPU a masiku ano amakoka magetsi modumpha: kwa kanthawi kochepa kwambiri amatha kupitirira patali nambala yolembedwa. Power supply yakale imaona ngati pachitika short n'kudzizimitsa, ndiye kompyuta imangoti phethi pakati pa gemu, popanda uthenga uliwonse. Za muyezo wa ATX 3.0 ndi 3.1 anazipanga kuti zipirire kudumpha kofika kawiri mphamvu yake kwa kanthawi kotere. Tengani ya ATX 3.1, 850W kapena 1000W, ya 80 Plus Gold, ya kampani yodziwika monga Seasonic, Corsair kapena be quiet!, yokhala ndi waranti ya zaka 10. Kutalika kwa waranti kumakuuzani mmene opanga akuikhulupirira.

Chingwe cholowa mu GPU chikufunika maso anu onse. Ndi cha mapini 16, chotchedwa 12V-2x6, ndipo chimanyamula mpaka 600W. Pa 12V amenewo ndi ma ampere 50 odutsa m'mawaya 6 okha, kuposa 8 pa waya aliyense, m'kapulagi kakang'ono ngati chala. Pini imodzi ikapanda kugwira bwino, magetsi amathamangira ku zinzake, pamatentha, pulasitiki imasungunuka. Izi zinachitika pa ma RTX 4090 ndipo zachitikanso pa 5090. Pa 5080 mpata wopumira ndi waukulu chifukwa imakoka zochepa, chomwe ndi chifukwa china choisankhira. Kankhani pulagi mpaka kokolera kake kalire ndipo pasaoneke mpata ngakhale wa tsitsi pakati pa pulagi ndi soketi. Opanga ena amapaka nsonga yake utoto wachikasu. Mukaona chikasu ndiye kuti siinalowe. Musapinde chingwe pafupi ndi pulagi, siyani masentimita atatu kapena anayi chili chowongoka, ndipo onetsetsani kuti galasi la bokosi silikuchipanikiza mukatseka. Gwiritsani ntchito chingwe chomwe chabwera ndi power supply. Lamulo ili ndi la zingwe zonse: musatenge za power supply yakale n'kuzilowetsa mu yatsopano ngakhale zikulowa bwinobwino, chifukwa makampani amayala mawaya mosiyana kumbali ya power supply, ndipo 12V ikapita polakwika SSD imapsa nthawi yomweyo.

Kunja kwa bokosi, magetsi athu amazima ndi kubwera mosachenjeza, ndipo nthawi zina amabwera ofooka. UPS ndi gawo la kompyutayi, osati chowonjezera. Pogula musanyengeke ndi nambala ya VA. Yang'anani ma watt. UPS ya 1500VA nthawi zambiri imapereka 900W kapena 1000W. Werengerani motere: 360W ya GPU, mpaka 160W ya purosesa, 75W ya zina zonse za m'bokosi, ndi 100W ya masikirini awiri ndi router, zonse pamodzi pafupifupi 700W pa nthawi yolemera kwambiri. Ya 1500VA ikukwanira. Ndi 5090 mukanafunika ya 2000VA kupita m'mwamba. Ikhale ya pure sine wave, chifukwa power supply zamakono zimatha kulira kapena kuzima pa UPS zotsika mtengo zomwe magetsi ake amatuluka odukaduka, ndipo ikhale ndi AVR yokweza voltage ikatsika. Dziwaninso kuti UPS yotere imakupatsani mphindi zochepa, zotsanzikira owonera ndi kuzimitsa bwino, osati zopitirizira stream. Mukafuna kupitiriza, nkhani yake ndi ya inverter, ndipo masamu ake ndi awa: 600W kwa maola 5 ndi mayunitsi 3, pamene batire la 12V 100Ah limasunga 1.2 okha, ndipo ngati ndi la lead-acid mumayenera kugwiritsa ntchito theka lake kuti lisafe msanga.

Katundu wa ku South Africa amabwera ndi pulagi ya mapini atatu ozungulira, pamene masoketi athu ndi a mapini atatu a makona anayi. Voltage ndi yofanana, 230V, choncho vuto ndi pulagi yokha. Musaikakamize pa adaputa ya pa msika yomwe imagwedera ndi kuthetheka. Gulani chingwe chabwino cha pulagi yathu ya fyuzi ya 13A. Itanani wamagetsi aone ngati soketi ya m'chipindacho ili ndi earth yeniyeni, chifukwa popanda earth zotetezera ku surge sizigwira ntchito yake, ndipo maikolofoni imayamba kung'ung'uza. Nyengo ya mvula, ziphaliwali zikayamba, zulani pulagi ndi chingwe cha intaneti chomwe. Mphenzi imalowanso kudzera ku router.

Kutentha: mayeso amene mumaona pa YouTube amachitikira m'zipinda za madigiri 21 kapena 22. Chipinda cha malata ku Lilongwe mu Okutobala chimapitirira 30, ndipo digiri iliyonse ya m'chipinda imawonjezeka pa purosesa ndi pa GPU. 9800X3D imadzichepetsa liwiro ikafika madigiri 95, koma si yovuta kuziziritsa. Choziziritsira cha mafani cha nsanja ziwiri, monga Thermalright Peerless Assassin 120 kapena Noctua NH-D15, chikukwanira. Cha madzi cha 360mm chimaoneka bwino ndipo chimagwira ntchito, koma chili ndi pampu, ndipo pampu ikafa kuno mudzakhala masabata kudikirira ina. Cha mafani chomwe chingafe ndi fani basi, yomwe mungaipeze m'tauni. Mukasankhabe cha madzi, radiator ikhale pamwamba pa bokosi kuti mpweya wa m'mapaipi usasonkhane mu pampu. Zoziziritsira zambiri zimabwera ndi kapulasitiki pansi pomwe zimakhudza purosesa, ndipo kompyuta yatsopano ikamafika 95 itangoyaka, choyamba kuyang'ana ndi komweko.

Bokosi likhale la ukonde kutsogolo, osati galasi lotseka. Mafani atatu okoka mpweya kutsogolo ndi imodzi yotulutsa kumbuyo: wolowa ukachuluka kuposa wotuluka, fumbi limalowera pa sefa m'malo molowera m'ming'alu yonse. Musanagule yerekezani manambala atatu ndi a bokosi: kutalika kwa GPU, poti ambiri a 5080 amapitirira 320mm, msinkhu wa choziziritsira, poti NH-D15 ndi 165mm, ndi mpata wotsala pakati pa GPU ndi galasi wodutsa chingwe chija. GPU yolemera iikireni kochirikiza kumapeto kwake. Bokosi likhale pa tebulo kapena pa kabenchi, osati pansi pomwe tsache limadutsa. M'chilimwe tsukani sefa kawiri pa mwezi, ndipo popemerera fumbi gwirani fani ndi chala isazungulire. Masiku otentha kwambiri tsitsani malire a magetsi a GPU kufika 80% mu pulogalamu ya MSI Afterburner: ma frame amene mudzataya ndi ochepa, koma kutentha ndi phokoso zimatsika moonekeratu.

Zonsezi zikakhala bwino, chimene owonera adzaone chidzadalirabe upload ya intaneti yanu, osati download imene makampani amalengeza. Twitch imalangiza masetingi awa: 6000 kbps ya H.264, CBR, keyframe ya masekondi 2. Kuti muutumize mosadukiza mukufunika upload yokhazikika ya 10 Mbps, ndipo muyese madzulo nthawi imene mudzaulutse, osati m'mawa anthu ali ku ntchito. Pa 6000 kbps mukudya 2.7GB pa ola, choncho pa bandulo yowerengera ma GB simupita patali. Kuulutsa pa YouTube ndi Twitch nthawi imodzi kuchokera pa kompyuta yanu kumawirikiza zonsezi, pokhapokha mutadutsira ku ma service monga Restream amene amalandira kamodzi n'kugawa. YouTube imalandira AV1, ndipo ngati upload ndi yochepa apa ndi pomwe GPU yanu idzakupindulireni. Pa magemu othamanga, 720p60 kapena 936p60 yoyera imaposa 1080p60 yodzadza timabokosi. Kokani chingwe cha Cat6 kuchokera ku router, Wi-Fi ilekeni. Ngati muli pa Starlink, yomwe inafika m'Malawi mu 2023, onetsetsani kuti mtengo wa mango sukutchinga mbale, chifukwa kuduka kwa masekondi awiri komwe simukuona pa Facebook kumaoneka pa stream. Ping, nthawi imene uthenga umatenga kupita ku seva ya gemu ndi kubwerera, ndiye siigulidwa ndi zida: imadalira kutalika kwa seva. Magemu okhala ndi maseva ku South Africa, monga Counter-Strike 2 ndi Dota 2, adzamveka opepuka kuposa amene amakutumizani ku Ulaya.

Stream ikamadodoma, musathamangire kugula chida. Tsegulani Stats mu OBS, muli manambala atatu ndipo iliyonse ikuloza kwina. Dropped frames ndi intaneti: tsitsani bitrate (ma kbps aja) kapena tsegulani dynamic bitrate. Frames missed due to rendering lag ndiye kuti gemu yatenga GPU yonse ndipo OBS yasowa pojambulira chithunzi chake. Ikani malire a ma frame m'gemu, mwachitsanzo 160 pa sikirini yanu, ndipo tsegulani OBS ngati administrator kuti Windows iipatse mpata. Vuto ili limagwira ngakhale 5090 ngati ma frame mwawasiya opanda malire. Skipped frames due to encoding lag ndi encoder yolemedwa: tsitsani preset, kapena onani ngati simunasankhe x264 mosadziwa. Pojambula sankhani MKV kapena Hybrid MP4. MP4 wamba imatsekedwa kumapeto kwa kujambula, choncho magetsi akazima pakati fayilo yonse siitseguka.

Pa ndalama imene mwapulumutsa, maikolofoni ibwere patsogolo pa kamera. Anthu amapirira chithunzi chofooka koma mawu oipa amawathamangitsa. Tengani ya dynamic, chifukwa ya condenser imatola chilichonse: mafani, tambala wa aneba, mvula pa malata. Samson Q2U kapena Audio-Technica ATR2100x zimalowa pa USB ndipo zili ndi XLR (pulagi ya zida za studio) ya m'tsogolo. Shure SM7B imene mumaiona kwa oulutsa otchuka imafuna audio interface yokweza mawu pafupifupi 60dB, ndalama inanso. Iikeni pa mkono wake, zala zitatu kapena zinayi kuchokera pakamwa. Sikirini yachiwiri yoonera OBS ndi macheza a owonera ikhale wamba ya 1080p, ndipo zonse ziwiri zilumikizidwe ku GPU, osati ku mabowo a motherboard.

Popeza katundu akuchokera ku Johannesburg, waranti yake ili komweko. M'bale wanuyo agule m'sitolo yopereka risiti yokhala ndi ma serial number, ndipo ngati n'kotheka GPU, bolodi ndi RAM ziyesedwe komweko nthawi yobweza isanathe, chifukwa kubweza chida chakufa kuchokera kuno n'kodula ndi kochedwa. Marisiti omwewo adzafunika kwa a MRA, ndipo funsani za msonkho musanatumize ndalama. Zida zibwere m'makatoni ake. Ngati wina wakumangirani komweko, GPU ndi choziziritsira chachikulu zichotsedwe paulendo, chifukwa mabampu a pa msewu amathyola mpata wa PCIe. UPS ndi yolemera ndipo mabatire ake amatha, choncho ndi bwino kuigula kuno komwe mungadzapeze ena.

Pomanga, yambirani kunja kwa bokosi. Ikani bolodi pa katoni yake, lowetsani purosesa, choziziritsira, RAM ndi GPU, muyatse muone BIOS. Chida chakufa chimapezeka mosavuta apa kusiyana ndi mutamanga masikuluu onse. Pa AM5 mapini ali mu soketi ya bolodi, 1,718, opyapyala ngati tsitsi: purosesa muiike pang'onopang'ono motsatira kachizindikiro ka makona atatu, osaigwetsera, osakhudza m'kati. Mu BIOS, kupatula EXPO, onani kuti Resizable BAR, fTPM ndi Secure Boot ndi zotsegula, poti Windows 11 imafuna TPM 2.0 ndipo magemu monga Valorant ndi Battlefield 6 amakana kutseguka popanda Secure Boot. Mukaika Windows, driver ya chipset ya AMD ndi ya GPU, yesani RAM ndi pulogalamu ya MemTest86 usiku wonse. Cholakwa ngakhale chimodzi chikutanthauza kuti liwiro litsike kapena RAM ibwezedwe. Kenako pulogalamu yolemetsa kompyuta ya OCCT kwa ola limodzi uku mukuyang'ana kutentha mu HWiNFO64, ndi stream ya unlisted (yosaonekera kwa anthu onse) pa YouTube ya ola lina mukusewera gemu yanu yolemera kwambiri. Pomaliza, gemu ili m'kati ndipo OBS ikujambula, zimitsani swichi ya pa khoma. Kompyuta ikazima kapena UPS ikalira mosalekeza kuti yalemedwa, bwezani UPS mutenge yokulirapo.